Njinga ya salaula izibwera ndi masipeya ake

Mwana wa mlongo wanga amakhala kumudzi, cha kumsewu wa ku Chadiza. Chaka chatha nshawa zinamukomera, ndipo atangogulitsa anakwera galimoto kubwera kuno ku Chipata, mtima wonse uli pa njinga. Sanandiuze. Ndinangomuona madzulo akulowa pakhomo panga akukankha mountain bike (njinga ya m'mapiri) yofiira psuu, ya salaula, matayala onenepa a manomano, mashoko kutsogolo, magiya 27, mabuleki a mafuta. Chimwemwe chake chinali chosabisika. Anati, "Atsibweni, pa iyi munthu satsika pachitunda. Ondigulitsa akuti ndi yakunja, yolimba, ngakhale matumba awiri a feteleza inyamula."

Miyezi itatu isanakwane, njingayo inabweranso m'tauni itagona pamwamba pa matumba a soya m'lole. Tinaitengera kwa mmisiri wina wachikulire amene amakonza njinga pansi pa mtengo, kufupi ndi msika wa Kapata. Anaigadamiza, chishalo pansi, matayala m'mwamba, n'kuyamba ndi zoonekeratu. Masipoko asanu akumbuyo anali atathyoka, limu itakhota, ndipo chosinthira magiya chinali chitalowa m'masipoko n'kupotoka. Atatha apo anatenga kansanza, anakanyika mu parafini, n'kupukuta pansi pa khosi la njinga, pamene mapaipi a felemu amalumikizana. Litsiro litachoka panaoneka kamzere kakuda bii, kopyapyala ngati tsitsi, kotsata m'mphepete mwa powotcherera. Anayendetsapo chikhadabo, chikhadabocho chinakodwa.

"Mwana wanga, apa mpong'aluka," anatero. "Komatu si iwe wang'alula ayi. Taona utotowu, wina anachita kupakapo pamwamba. Sukufanana ndi unzakewu."

Mnyamatayo anafunsa, "Madala, nanga tikapita nayo kwa owotcherera?"

"Ikanakhala yachitsulo, bwenzi pofika masana uli panjira ya kwanu. Iyi ndi ya aluminiyamu. Makina a anzanga aja owotcherera mageti ndi mawindo sangaigwire, ndipo ngakhale utapeza wodziwa, idzang'alukanso pambali pa chigambacho. Zoterezi zimathyoka munthu ali pamtsetse."

Mnyamatayo anangoti chete, maso ali pa kamzere kaja. Nshawa za munda wathunthu zinali pamenepo.

Sindikudana ndi malonda a njinga za salaula ayi. Ndimawafuna, ndipo ndikufuna akule. Salaula yativeka zaka zambiri, ndipo mabanja ochuluka m'makomboni a Mchini, Nabvutika ndi Magazine amadya nsima chifukwa cha katundu wakale wochokera kunja. Koma njinga si jekete. Jekete ukalitembenuza kawiri waliona lonse, ndipo likang'ambika telala aliyense asoka. Pa njinga mpamene pamakwanira mawu a makolo aja akuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndipo ngakhale ikhale yopanda chilema tsiku logula, ndi makina, idzawonongeka ndithu. Ikadzawonongekera ku Vubwi, ku Chipangali kapena ku Kasenengwa, adzaikonza ndani, ndipo chitsulo chake chidzachokera kuti? Wogulitsa amene sangathe kuyankha zimenezi sayenera kulandira ndalama za mlimi.

Ife a kuno kummawa njinga sitikuiphunzira lero. M'nthawi ya Kenneth Kaunda boma linamanga fakitale ya njinga m'Chipata momwe muno, Luangwa Industries, imene inkatulutsa njinga za Eagle. M'zaka za m'ma 1990, makampani a boma akugulitsidwa, fakitaleyo inapita m'manja mwa kampani ya Tata, ndipo patapita nthawi inasiya kupanga njinga. Koma mtundu wa njinga umene tinazolowera ulipobe mumsewu uliwonse: yakuda, yolemera, tayala la mainchesi 28, giya limodzi, mabuleki a timitengo tachitsulo. Ndi imene anyamata amapalasa ponyamula anthu m'tauni muno, ntchito imene anzathu a ku Malawi, kutsidya kwa malire a Mwami, amaitcha kabaza. Ndi imene imatsika m'mapiri mbandakucha itasenza matumba a makala osanjikizana mpaka kupitirira mutu wa mwini wake. Chimene chimaisunga pamsewu zaka ndi zaka n'chakuti zitsulo zake zonse n'zofanana. Sipoko, ekiselo, kotapini, mabolo, chubu, mphira wa buleki, uzipeza pa kantemba ka pamudzi, pambali pa sopo ndi mchere, ndipo mnyamata aliyense amene anakulira pakhomo pamene pali njinga amadziwa kuzimanga ndi sipanala imodzi ndi hamala.

Mountain bike inabadwira kwina, pa ntchito inanso. M'zaka za m'ma 1970, achinyamata a ku Marin County ku California ankatenga njinga zakale za matayala onenepa n'kumathamangitsana nazo potsika phiri la Tamalpais ndi mapiri ena oyandikana nalo. Anthu ngati Joe Breeze, Gary Fisher ndi Tom Ritchey anayamba kupanga njinga zenizeni za masewerawo, ndipo mu 1981 kampani ya Specialized inatulutsa Stumpjumper, imodzi mwa zoyamba kupangidwa zambirimbiri m'fakitale. Chiyambire, mtima wa opanga wakhala pa kuipeputsa ndi kuithamangitsa, kuti inyamule munthu mmodzi ndi botolo lake la madzi. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 silinalowepo m'maganizo mwawo. N'chifukwa chake zambiri zamakono zilibe ngakhale timabowo tomangirapo kaliyala. Mwana wa mlongo wanga anachita kumangirira yake ku chitsulo cha chishalo ndi mabawuti ndi mphira wa chubu. Tayang'ananinso tayala lakumbuyo la njinga ya magiya ambiri mutaima kumbuyo kwake. Masipoko a mbali ya magiya amaima pafupifupi chilili ndipo ndi okokedwa kwambiri kuposa a mbali inayo, kuti magiyawo apeze malo. Tayala lotero likalemedwa ndi katundu wogwedezeka uku ndi uku mumsewu wa maenje, masipoko amayamba kuthyoka limodzilimodzi. Amene anauza mnyamata uja kuti idzanyamula matumba awiri, kaya ananama dala kaya sankadziwa, analakwa. Munthu wodyera malonda ayenera kudziwa chimene akugulitsa.

Nkhani ya njinga ya Buffalo imatiphunzitsa zambiri apa. F.K. Day, mmodzi mwa amene anayambitsa SRAM, kampani ya ku Chicago yopanga magiya a njinga za mpikisano, anakhazikitsa bungwe la World Bicycle Relief mu 2005 pamodzi ndi Leah Missbach Day. Atabwera ku Zambia kudzapereka njinga zoposa 20,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi, sanabweretse njinga za magiya ambirimbiri, ngakhale magiya ndiwo malonda a kwawo. Njinga imene inakhwima kuchokera m'ntchito imeneyo ndi yachitsulo, ya masipoko onenepa, buleki yopondera kumbuyo, ndi kaliyala yonyamula makilogalamu 100. Ndipo sanangogawa n'kuchoka. Anaphunzitsa amisiri m'madera, n'kutsegula mashopu a masipeya. Anthu odziwa magiya kuposa tonsefe anaona kuti njinga imene ilibe mmisiri ndi sipeya pafupi, moyo wake ndi wa miyezi yowerengeka.

Kodi ndiye kuti mountain bike ilibe malo kuno? Ili nawo, aakulunso. Chipata ndi tauni yozunguliridwa ndi mapiri, ndipo njira zambiri zotuluka m'tauni zili ndi zitunda zake. Mphunzitsi wopalasa m'mawa uliwonse kupita kusukulu ya kutali, mlangizi wa zaulimi, mwana wa ku sekondale, wa zaumoyo woyendera midzi, onsewa katundu wawo ndi chikwama chokha. Magiya amawapulumutsa ku thukuta lokankha njinga pachitunda, ndipo tayala lonenepa silititimira mumchenga ngati lopyapyala. Kwa oterewa ndinena mosaopa kuti mountain bike yakale ya salaula, yosankhidwa bwino, imaposa zatsopano zotchipa zija zonyezimira, za sipuling'i pakati ndi mayina a zilembo zikuluzikulu, zimene magiya ake sachedwa kuyamba kulumphalumpha.

Yosankhidwa bwinoyo ndi iti? Ndi ija ogula ambiri amaidutsa osaiyang'ana kawiri, ya m'zaka za m'ma 1990: felemu yachitsulo, foloko yopanda mashoko, tayala la 26, magiya 18 kapena 21, mabuleki a waya ogwira pa limu. Kwawoko amaiona ngati yatha ntchito, koma kuno ndi chuma. Tayala ndi chubu cha 26 sizivuta kupeza m'mashopu a m'tauni. Tcheni chimodzi chimagwira pa njinga ya magiya 6, 7 kapena 8 kumbuyo. Waya wa buleki akaduka aliyense alowetsa wina. Ikang'aluka owotcherera aigwira. Ndipo zambiri za nthawi imeneyo zili ndi timabowo ta kaliyala, kotero chikwama cha mabuku kapena kathumba ka ufa kakwera popanda mlandu.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti njinga zoterezi zikutha, ndipo zimene zikubwera m'malo mwake ndi mtundu wina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunabwera tayala la 29, cha m'ma 2013 la 27.5 linafala, ndipo la 26 linayamba kusowa pa njinga zatsopano zapamwamba. Mu 2016 SRAM inatulutsa magiya 12 akumbuyo n'kuwatcha Eagle, dzina lomwe lija la njinga yathu, koma tcheni chake chopyapyala sichigwirizana ndi chilichonse chimene mungapeze pa kantemba. Zimene anthu akunja anagula zaka 10 zapitazo ndizo akutaya lero, ndiye kuti makontena a mawa adzadzaza ndi zimenezi.

Zovuta zake n'zazing'onozing'ono, koma chilichonse mwa izo chimaimitsa njinga. Kamlomo ka chubu ka mtundu wa Presta n'kowonda, pampu yathu ya masiku onse sikagwira, ndipo chubu cha kamlomo konenepa ngati ka galimoto sichilowa pabowo la limu yake. Mabuleki a mafuta ali pawiri: a kampani ya Shimano amafuna mafuta awoawo otchedwa mineral oil, ena amafuna DOT, ofanana ndi a mabuleki a galimoto. Mukasinthanitsa, timphira ta mkati timafufuma, buleki yafa, ndipo mwina mudzazindikira mukutsika. Mashoko abwino, opanga ake amati azitsegulidwa n'kuthiridwa mafuta atsopano pakatha maola pafupifupi 50 akuyenda. Ambiri amene amafika kuno amakhala atauma gwa, angotsala kulemera. Ndiye pali kachitsulo kofewa kolumikiza chosinthira magiya ku felemu. Kameneka kanapangidwa dala kuti njinga ikagwa kazipindika kapena kuthyoka ikoko m'malo mwa felemu, nzeru yabwino kumene kuli shopu pakona iliyonse. Koma mitundu yake ndi mazanamazana, pafupifupi felemu iliyonse ili ndi kake. Kakathyokera ku Chadiza, njinga yonse ikapachikidwa kudenga chifukwa cha kachitsulo kotalika ngati chala.

Ndinacheza ndi wogulitsa wina, osati amene anagulitsa yofiira ija. Sanabise mawu. "Bwana, ifenso timagula osaona bwino. Katundu akatsegulidwa timachita kulimbirana, ukachedwa upeza zatha. Ndiye ndilipire thiransipoti kuchokera ku Lusaka, ndilipire renti, kenako ndiyambe kuuza kasitomala zilema zonse? Ndigulitsa chiyani? Komanso anthu eni ake amafuna ya mashoko. Ndikawaonetsa yachitsulo amati ndi yachikale."

Pali choonadi m'mawu amenewo, ndipo sindikuchipeputsa. Makilomita oposa 550 a msewu wa Great East Road sanyamula katundu waulere, ndipo phindu la munthu wa njinga khumi si lalikulu. Koma ngati kogulako sanaone bwino, pashopu pake amaona. Amaitsuka, amaipukuta, amaithira oyilo, ena mpaka kuipaka utoto. Dzanja limene linapaka utoto pa mng'alu uja linali la munthu amene anauona. Za ogula kufuna ya mashoko, inde amafuna, chifukwa palibe amene anawauza. Mlimi wochokera kumudzi amagula njinga mwina kamodzi pa zaka zambiri, pamene wogulitsa amazigwira tsiku ndi tsiku. Amene akudziwa ndiye ayenera kufunsa kuti, "Achimwene, mukufuna yogwirira ntchito yanji, ndipo kwanu n'kuti?" Akamva kuti ndi ya makala kapena ya kudepoti ya feteleza, amuuze poyera kuti pano palibe yako, pita ukagule yakuda ija. Wataya kasitomala mmodzi tsiku limenelo, koma munthuyo akadzafuna njinga ya mwana wake wa sukulu sadzapita kwina, ndipo kumudzi mbiri imayenda msanga kuposa lole.

Chimene ndikupempha ogulitsa si chodula. Mwa njinga zimene zafika, zija zong'aluka ndi zokhota aziziphwasula zikhale masipeya m'malo mozikongoletsa. Ndalama siitayika pamenepo, chifukwa habu, limu, mapedulo, chosinthira magiya ndi mahandulo zonse zili ndi ozifuna, ndipo ndi omwe aja munawagulitsa njinga chaka chatha. Musaike pamsika njinga ya tayala la 29 ngati pashelefu panu palibe tayala ndi chubu chake. Ndipo muziyeza tcheni wogula akuona. Sizifuna makina. Pa tcheni chatsopano, mukaika rula ya mainchesi 12 poyambira pakati pa pini, mapeto ake amagwera pakati pa pini ina ndendende. Piniyo ikapitirira ndi mamilimita 3, tchenicho chatha pamodzi ndi mano a magiya, ndipo wogula ayenera kudziwa kuti akugula njinga pamodzi ndi ngongole.

Lisiti nayonso izilembedwa, ndipo pazikhala nambala ya felemu, ija imadindidwa kunsi, pamene pamadutsa ekiselo ya mapedulo. Malire a Mwami ali pafupi. Njinga yobedwa m'mawa ku Kapata madzulo ingathe kukhala ili ku Mchinji, ya ku Mchinji nayo n'kukhala kuno. Nambala yochita kupalidwa kapena kufafanizidwa ndi chizindikiro chokwanira kuti njingayo isalandiridwe. Ogula adziwenso kuti lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa wamalonda kupachika chikwangwani chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo bungwe loteteza ogula la CCPC lilipo lolandira madandaulo. Koma popanda pepala, mudzaonetsa chiyani?

Pamodzi ndi njinga zimenezi pamabweranso zovala ndi zida za masewera. Magolovesi, majezi, zoteteza mawondo ndi zigongono, izi gulani ndithu, muchape, muvale. Nsapato zija zolimba kunsi, za kachitsulo pansi pa phazi, muzidziwa kuti zimafuna mapedulo akeake. Koma pa helemeti mpamene mtima wanga sukhala m'malo. Tsiku lina ndinatola imodzi pamulu wa salaula. Kunja inali yosalala, yonyezimira, zingwe zake zonse zilipo, mkati muli kapepala kolembedwa EN 1078, chizindikiro chakuti inapambana mayeso a ku Ulaya pamene inali yatsopano. Ndinachotsa kansalu ka mkati, n'kugwira mbali zonse ziwiri ndi kukoka pang'ono ngati ndikufuna kuikulitsa. Cha kumbuyo, kumanzere, mng'alu unayasama, ndipo nditasiya unatsekekanso, osaonekanso. Mkati mwa helemeti muli zofewa zouma zija zimene amalongedzera ma TV ndi mafiriji. Ntchito yake ndi kuphwanyika m'malo mwa chigaza, ndipo zimaphwanyika kamodzi kokha, sizibwereranso. Helemeti imeneyo inali itapulumutsa kale mutu wa munthu wina kutali uko. Yakale koma yathunthu imaposa mutu wopanda kanthu, apo sinditsutsa. Koma yong'aluka kapena yophwanyika mkati imalimbitsa mtima wa mwana potsika phiri pamene ilibe chomupatsa akagwa. Yoteroyo wogulitsa azidula zingwe zake n'kuitaya, kuti wina asakaitole n'kuibwezera pamsika.

Ndipo ana otsika phiriwo alipo. Loweruka m'mawa ndimaona anyamata akukwera tinjira ta kuphiri la Kanjala pa njinga zomwezi za salaula, ena atavala mapatapata. Kwa zaka zambiri okwera njinga a ulendo wa Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003 kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, akhala akudutsa pano kuchokera ku Lilongwe kupita ku Lusaka, ana athu akuwaonerera m'mbali mwa msewu. Ku Solwezi timu ya Kansanshi yaonetsa kuti mwana wa ku Zambia angathe kupikisana pa njinga. Mapiri tili nawo, miyendo yozolowera kupalasa tili nayo kuposa zigawo zambiri. Mwana wa kuno amene adzapambane mpikisano sadzayambira pa njinga yatsopano ya m'bokosi; adzayambira pa ya salaula, ndipo ndikufuna ikhale yosang'aluka.

Njinga yofiira ija sinatayike yonse. Mmisiri uja anapeza felemu yakale yachitsulo, n'kusamutsirapo zimene zinkagwirizana nayo: mahandulo, chishalo, mapedulo ndi tayala lakutsogolo. Mabuleki anaikapo a waya. Felemu yong'alukayo anaidula pakati ndi sowo ife tikuona, kuti isadzapezenso mwini. Koma pofuna kuchotsa magiya pa tayala lakumbuyo kuti amange masipoko atsopano, anavutika pafupifupi ola lathunthu, akugogoda ndi tchizulo ndi hamala pa kamphete kamene kamafuna sipanala yakeyake ya manomano. Thukuta likutsika, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, njinga izi akutibweretsera chaka ndi chaka, koma sipanala yake palibe amene anandionetsapo." Sipanala imeneyo ndi kachitsulo kokwana m'chikhatho. Mapaketi angapo a zimenezi, pamodzi ndi makiyi a Allen ndi chodulira tcheni, sangatenge ngakhale malo a njinga imodzi m'kontena, ndipo amisiri a pansi pa mitengo kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi angazigule tsiku lomwelo.